Mlandu wa dzanja la loboti pa mpikisano wa ana asukulu ku Lilongwe

Lipoti ili ndalembera anzanga amene amayang'anira makalabu a maloboti m'sukulu za sekondale, komanso amene amapemphedwa kukhala oweruza pa mipikisano ya ana. Ndimaphunzitsa Physics ndi makompyuta, ndipo pa mpikisano womwe ndikufotokozawu ndinali mmodzi mwa oweruza atatu. Maina a sukulu, aphunzitsi ndi ana sinditchula. Timu yomwe inabweretsa dandaulo ndiziitchula kuti timu yoyamba, yodandauliridwayo timu yachiwiri.

Mpikisano wake

Unali mpikisano waung'ono wokonzedwa ndi komiti ya aphunzitsi, wa sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi madera oyandikana nawo. Panali matimu 11, iliyonse ya ana anayi a Fomu 2 ndi Fomu 3, popeza a Fomu 4 anali pa kalikiliki wa mayeso a MSCE. Loboti inkayenera kutsata mzere wa tepi yakuda pa thabwa loyera, kukatola kabotolo kapulasitiki kumapeto kwa mzerewo, n'kukakasiya m'bokosi.

Zida zikuluzikulu zinali zofanana kwa onse: Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kolamulira loboti), kabodi koyendetsa mamota ka L298N, masensa asanu a TCRT5000 oonera mzere, ndi servo imodzi ya SG90 (kamota kakang'ono kosunthira dzanja). Mabatire ambiri anali a 18650 ochotsedwa m'malaputopu akufa, ogulidwa kwa okonza mafoni kumsika waukulu. Izi ndazitchula dala. Ana akapatsidwa zida zofanana ndi ntchito yofanana, maloboti awo amafanana ndithu ngakhale asanaonerane, choncho kufanana pakokha si umboni wa kanthu.

Mamalikisi anali 100: 80 a pa bwalo, 20 a kope lomwe timu imalembamo momwe yapangira loboti yake. Panalinso mphoto yapadera ya luso la kapangidwe. Malamulo anali tsamba limodzi, ndipo pa nkhani yathuyi ankangonena kuti loboti ikhale ntchito ya ana eni ake. Fomu yolembetsera inali ndi funso lakuti "Kodi loboti iyi mwapanga nokha?" ndipo mayankho ake anali awiri okha, eya kapena ayi. Matimu onse anachonga eya.

Kutatsala masabata atatu, komiti inakonza tsiku loyeserera kuti matimu onse adzayese maloboti awo pa thabwa lenilenilo. Nkhani yonse inayambira pamenepo.

Timu yoyamba inali ya sukulu yokhala ndi chipinda cha makompyuta ndi mphunzitsi wodzipereka kwambiri pa kalabu. Yachiwiri inali ya CDSS ya kunja kwa tauni, yomwe kompyuta yake inali laputopu ya mphunzitsi basi.

Dandaulo

M'mawa wa tsiku la mpikisano, maloboti ali pa tebulo kuti tiwayendere, mphunzitsi wa timu yoyamba anatikokera pambali. "Aphunzitsi, taonani dzanja la loboti iyo. Ana anga avutika nalo teremu yathunthu. Awa angoliona tsiku limodzi, lero ali nalo." Anapempha kuti timu yachiwiri ichotsedwe mumpikisano.

Kuti dandauloli limveke, ndifotokoze dzanjalo. Matimu ambiri anapanga zala ziwiri zotsekedwa ndi servo kudzera m'magiya. Vuto lake n'lakuti SG90 ndi yofooka, magiya ake ndi apulasitiki, ndipo loboti ikafika pa botolo itapendekera pang'ono, chala chimodzi chimagunda botolo n'kuligwetsa lisanagwidwe. Timu yoyamba inapanga kamwa looneka ngati chilembo cha V kutsogolo kwa loboti. Loboti ikamapita kutsogolo, botolo limatsetserekera lokha pakati. Kenako chala chimodzi chimatseka kamwalo, chokokedwa ndi ulusi wa nayiloni womangidwa ku servo, ndipo kamphira kamachibwezera chikafuna kutseguka. Servo ntchito yake n'kukoka ulusi basi. Ndi nzeru yabwino, ndipo pa tsiku loyeserera loboti yawo yokha ndi imene sinagwetse botolo.

Pa tsiku lomwelo timu yachiwiri inali ndi dzanja la magiya lomwe linkalephera. Tsopano inabwera ndi kamwa la V lopangidwa ndi masipoko a njinga ndi chidutswa cha paipi, chala chimodzi, ulusi ndi mphira ya chubu. Panalibe chokayikitsa: nzeruyo inali yomweyo.

Chinthu choyamba chomwe tinagwirizana n'chakuti tisaweruze mpikisano usanachitike. Matimu onse awiri athamangitse maloboti awo, zotsatira zawo tizisunge, tifunse mafunso nthawi yopuma. Chifukwa chake n'chapafupi. Mamalikisi mutha kuwachotsa madzulo mukapeza mlandu, koma timu yomwe mwaichotsa m'mawa simungaibwezere mwayi wake mukapeza kuti inalibe mlandu. Komanso mawu oti "akuba" anali atayamba kale kumveka kumabenchi a ana, ndipo sitinafune kuti aoneke ngati achokera kwa ife. Tinagwirizananso kuti timu iliyonse tiifunse payokha, mphunzitsi wake alipo koma osayankhira ana.

Zomwe tinapeza pa dzanja

Timu yachiwiri sinakane. Mtsikana yemwe ankatsogolera anati, "Inde aphunzitsi, tinaliona. Tinajambula pa foni, sanatiletse. Tinafunsanso mnyamata wawo mmodzi, anatifotokozera yekha." Mnyamatayo titamufunsa anavomera kuti anafotokozadi, ndipo zinkaoneka kuti anachita zimenezo monyadira ntchito yake.

Kope lawo ndi lomwe linatipatsa zambiri. Linaonetsa kuti poyamba anatengera ndendende zomwe anajambula, koma sizinagwire. Masipoko ndi oterera, botolo linkapulumuka, ndiye anawakulunga ndi chubu n'kuchepetsa kukamwa kwa V. Mphira ya chubu inali yolimba kuposa kamphira ka anzawo, servo inkanjenjemera, ndipo Arduino inkazima n'kuyambanso nthawi iliyonse chala chikamatseka. Anavutika nazo mpaka anazindikira kuti servo ikukoka moto wambiri kuchokera pa pini ya 5V ya Arduino. Anaipatsa magetsi akeake n'kulumikiza mawaya a GND, a negetivi, pamodzi. Amene anaphunzitsako ana zimenezi akudziwa kuti vuto limeneli limatha kuimitsa timu sabata yathunthu, ndipo mwana yemwe walithetsa yekha waphunzira chinthu chomwe chithunzi cha pa foni sichikanamuuza.

Koma m'kope monsemo munalibe pomwe analemba kuti nzeru ya V ndi ulusi anaiona kwa timu yoyamba. Titafunsa chifukwa chake, yankho linali lakuti, "Tinkaopa kuti mutichotsa."

Timu yoyamba tinaifunsa funso lomwelo: nzeruyi inachokera kuti? Mmodzi anati kamwa la V analiona pa YouTube, pa loboti ya kunja yotola mipira. Za ulusi ndi kamphira anaziganiza okha magiya a servo yawo yoyamba atathyoka, ndipo kope lawo linachitira umboni, chifukwa munali zojambula zingapo zomwe anayesa n'kuzisiya. Za YouTube nawonso sanalembe.

Pofika apa mlandu unkaoneka wopepuka. Timu ina yaona chinthu poyera, yafunsa, yauzidwa, yakapanga ndi manja ake ndi zipangizo zina, koma sinanene kuti yatengera.

Pomwe nkhani inatembenukira

Mmodzi mwa oweruza anzanga anali injiniya wa pa kampani ina ku Kanengo. Iye anapempha kuona pulogalamu ya maloboti onse awiri, cholinga chake chili kungoona momwe ankalamulira servo. Gawo la servo linali losiyana. Koma gawo lotsata mzere, lomwe ndi mtima wa pulogalamu yonse, linali limodzi mzere ndi mzere. Maina a zinthu anali omwewo. Mawu ofotokozera a m'Chingerezi anali omwewo, mpaka liwu lina lolakwika kalembedwe linali pa malo omwewo. Panalinso mzere wonena za masensa asanu ndi atatu, pomwe pa mpikisano wathu aliyense anali ndi asanu. Zosiyana zinali manambala awiri okha, a Kp ndi Kd, omwe amalamulira momwe loboti imakhotera kuti ibwerere pa mzere.

Injiniyayo analemba mzere umodzi pa foni yake n'kufufuza, ndipo posakhalitsa anapeza pulogalamu yonse pa GitHub, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amaikapo mapulogalamu awo. Mwini wake anaiika pansi pa laisensi ya MIT. Laisensi imeneyi ndi yomasuka kwambiri: imalola aliyense kutenga, kusintha, ngakhale kugulitsa, bola asiye mawu osonyeza mwini wake ndi mawu a laisensiyo m'zomwe watengazo. Pa GitHub mawuwo anali pamwamba penipeni. M'mafayilo a matimu athu awiri munalibe.

Titabwerera kwa ana, njira yomwe pulogalamuyo inayenda inaoneka. Mnyamata wa timu yoyamba ndi amene anaipeza pa intaneti, ndipo ndi iye anafufuta dzina la mwini wake, poopa kuti oweruza akaona dzina la munthu wina achotsa timu. Mphunzitsi wake, yemwe anabweretsa dandaulo uja, sankadziwa, ndipo nkhope yake inaonetsa zimenezo. Mnyamata yemweyo ali ndi msuweni mu timu yachiwiri, ndipo atakumana kwa achibale ku Area 25 anamupatsa fayiloyo pa fulashi. Msuweniyo kwa anzake anangoti waipeza kwa m'bale wake wodziwa makompyuta.

Apa ndi pomwe ndikufuna anzanga aimepo pang'ono, chifukwa milandu iwiriyi siyofanana ngakhale fayilo ndi imodzi. Wa timu yoyamba anatenga chinthu chomwe mwini wake anapereka kwaulere kwa dziko lonse. Kutengako kunalibe vuto. Cholakwa chake chinali kufufuta dzina, chinthu chimodzi chokha chomwe mwini wake anapempha kuti chisachotsedwe, ndipo anachichita n'cholinga chotinamiza ife. Wa timu yachiwiri sanafufute kanthu, ndipo sankadziwa n'komwe kuti pulogalamuyo ili pa GitHub. Iye ankakhulupirira kuti ndi ntchito ya timu yomwe akupikisana nayo, anaitenga mobisa, n'kubisiranso anzake komwe yachokera. Mukayang'ana pa laisensi, wachiwiriyu ali ndi mlandu wochepa. Mukayang'ana zomwe mwanayo ankaganiza kuti akuchita, mlandu wake ndi wolemera kuposa wa mnzake. Ndipo ana ena asanu ndi mmodzi, atatu uku atatu uku, sankadziwa chilichonse.

Kukambirana kwa oweruza

Sitinagwirizane msanga. Injiniya uja anati kuntchito kwawo palibe amene amalemba pulogalamu ya PID, njira yowongolera makina yomwe malobotiwa ankatsatira nayo mzere, kuyambira pachiyambi, ndipo pa dzanja palibe lamulo lomwe laphwanyidwa. Pamenepo ankanena zoona. Lamulo loteteza eni ntchito zaluso, lomwe kuno kwathu ndi Copyright Act ya 2016 ndipo bungwe la COSOMA limagwira ntchito pansi pake, limateteza zolembedwa, kuphatikizapo mapulogalamu a kompyuta, koma siliteteza ganizo lokha. Ganizo la kamwa la V likanatetezedwa ndi patenti, chikalata cha boma choteteza wotulukira chinthu chatsopano, ndipo palibe mwana anali nayo. Iye anati awasiye onse, angowachenjeza.

Woweruza wachitatu anali mayi wina, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu yake, yemwe wayang'anira mayeso a boma zaka zambiri. Iye anati, "Aphunzitsi, likasa ndi likasa. Mwana amene walowa nalo sitifunsa ngati analimvetsa. Onse awiri atuluke." Sindinawaone ngati ouma mtima. Ankaopa kuti ana akaona kuti kubisa kulibe chilango, chaka chamawa tidzaweruza maloboti a pa intaneti okhaokha.

Ine ndinati onse awiri akuyesa mlanduwu ndi muyeso wa kwina, wina wa kukhoti, wina wa m'chipinda cha mayeso. Pa mayeso timaletsa kuonera chifukwa tikufuna kudziwa zomwe zili m'mutu mwa mwana mmodzi pa ola limenelo. Ntchito yopanga zinthu siyenda choncho. Arduino yomwe ana onsewa ankagwiritsa ntchito inayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005, ndipo eni ake anaika mapulani ake poyera kuti aliyense atengere. N'chifukwa chake mabodi otsika mtengo omwe timagula amapezeka. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, sanatulukire makina opanga magetsi ndi mphepo: anaona chithunzi m'buku la ku laibulale, n'kupanga ake ndi zidutswa za njinga ndi mapaipi, ndipo sanabisepo kuti anaona m'buku. Ngakhale ana opanga magalimoto a mawaya ku Kawale, mmodzi akapeza njira yoti mateyala akutsogolo azikhota ndi chiwongolero, sabata yomweyo mzere wonse uli nayo, koma aliyense amadziwa amene anayamba.

Mipikisano ikuluikulu nayo inadutsa m'nkhani yomweyi, ndipo siyankha mofanana. Bungwe la FIRST, lomwe Dean Kamen anayambitsa ku America mu 1989, limalimbikitsa matimu kugawana. Malemu Woodie Flowers wa ku yunivesite ya MIT ndi amene anafalitsa kumeneko mfundo yoti mupikisane mwamphamvu koma muzithandiza ndi kulemekeza amene mukupikisana naye, ndipo matimu ambiri amaika mapulani ndi mapulogalamu awo pa intaneti kuti ena atengere. Pa mpikisano wawo wa ana okulirapo, mapulani ndi mapulogalamu omwe timu inapanga nyengo ya mpikisano isanayambe imaloledwa kuwagwiritsa ntchito pokhapokha itawaika poyera kuti ena onse awapeze. World Robot Olympiad, yomwe inayamba mu 2004, ndi yokhwimirapo. Malamulo ake amaletsa loboti yofanana kwambiri ndi zomwe zikugulitsidwa kapena kuikidwa pa intaneti, kapena yofanana kwambiri ndi ya timu ina pamene zikuoneka kuti si ntchito ya anawo, ndipo amapatsa oweruza mphamvu zofunsa ana kuti afotokoze. Mfundo zomwe ndinatengapo ndi ziwiri: kubisa n'kosayenera, ndipo mwana asabweretse chinthu chomwe sakuchidziwa.

Zoti anabisa tinali titazipeza kale. Chotsala chinali kudziwa ngati pulogalamuyo ankaimvetsa kapena anangoithira mu Arduino.

Mayeso a mphindi 40

Tinatenga mafoni, aphunzitsi anatuluka panja, ndipo pa loboti iliyonse tinazula sensa imodzi ya m'mbali. Tinawapatsa mphindi 40 kuti loboti imalize mzere ndi masensa anayi otsalawo. Kenako mwana aliyense tinamulozera mzere umodzi wa pulogalamu kuti atiuze ntchito yake.

Ku timu yoyamba, mnyamata wofufuta dzina uja ndi amene anatenga laputopu. Anachotsanso sensa ya mbali inayo m'pulogalamu kuti mbali ziwiri zilingane, anasintha manambala owerengera kuti mzere uli mbali iti, ndipo loboti inamaliza nthawi isanathe. Ankaidziwa pulogalamuyo bwino lomwe. Anzake atatu sanathe kufotokoza mzere uliwonse. Ntchito yawo yonse inali pa dzanja ndi thupi la loboti.

Ku timu yachiwiri zinali mosemphana. Wobweretsa fulashi uja analephera funso lililonse. Mtsikana wotsogolera ndi mnzake mmodzi ndi amene anapulumutsa timu. Iwo ndi amene anasintha Kp ndi Kd kusukulu kwawo, chifukwa loboti yawo inali yolemera ndipo ndi manambala a anzawo inkagwedezeka n'kutaya mzere. Mtsikanayo anati Kp ndi mphamvu yomwe loboti imakhotera ikaona kuti yasiya mzere, ndipo ikachuluka loboti imayenda ngati yaledzera. Za Kd anati akudziwa kuti imachepetsa kugwedezekako koma sakudziwa kuti imatero bwanji. Yankho limenelo ndinalikonda, chifukwa ndi la munthu amene wayesa chinthu ndi manja n'kudziwa pomwe nzeru zake zalekezera. Anatsitsa liwiro la mamota kuchoka pa 180 kufika pa 120 pa sikelo yomwe imathera pa 255, ndipo loboti inamaliza pang'onopang'ono.

Chigamulo

Palibe timu yomwe tinaichotsa. Mamalikisi a pa bwalo anakhala momwe analili, chifukwa maloboti onse awiri anapangidwa ndi ana ndipo mu timu iliyonse munali ana oimvetsa.

Matimu onse awiri anataya mamalikisi onse 20 a kope. Tinasankha chilango chimenechi chifukwa chinali kale m'manja mwathu: kope ntchito yake n'kunena zoona za momwe loboti yapangidwira, ndipo makope awiriwa anasiya dala zinthu zikuluzikulu. Sitinafune kupeka chilango chatsopano pa tsiku la mpikisano chomwe ana sanauzidwe. Zotsatira zake, timu yoyamba inatsika kuchoka pa nambala 1 kufika pa 2, yachiwiri kuchoka pa 3 kufika pa 5.

Mphoto ya luso la kapangidwe inapita ku timu yoyamba chifukwa cha ulusi ndi kamphira. Mayi aja anatsutsa, amvekere timu yonama siyenera kunyamula mphoto. Awirife tinati mphotoyo ndi ya dzanja, ana atatu omwe analipanga sananame, ndipo chilango cha bodza chaperekedwa kale. Tinaonanso kuti iyi ndi njira yoyenera yoyankhira dandaulo la m'mawa lija. Woyambitsa nzeru sangaletse ena kuitengera akaionetsa poyera, koma ulemu woti ndi iye anayamba ndi wake, ndipo mpikisano uyenera kuupereka mooneka.

Matimu onse awiri anabwezera dzina la mwini pulogalamu ndi laisensi pamwamba pa mafayilo awo ife tikuona.

Chotsiriza chinali chovuta. Tinkafuna kuti matimu awiriwa anene pagulu zomwe anatenga, koma kuimiritsa ana asanu ndi atatu kutsogolo kwa holo yodzaza kukanakhala kuwachititsa manyazi, ambiri a iwo osalakwa. Mayi aja ndi amene anapeza njira: matimu onse 11 aime limodzi ndi limodzi, anene chinthu chomwe anatengera ndi komwe anachitenga, popanda chilango. Palibe timu yomwe inasowa chonena. Ena anatchula YouTube, ena mabuku a kalabu, ena loboti ya a Fomu 4 a chaka chatha. Matimu ena awiri ananena kuti pulogalamu yawo nayo ndi ya pa intaneti. Timu yachiwiri inathokoza timu yoyamba chifukwa cha dzanja, ndipo holo inaomba m'manja. Maina a anyamata awiri aja sanatchulidwe.

Wina angafunse kuti nanga matimu awiri owonjezerawo bwanji sanalangidwe. Funsoli tinadzifunsa. Tinali titalonjeza kuti sipakhala chilango, mafayilo awo titawaona anali ndi maina a eni ake osafufutidwa, ndipo sanabisirane okhaokha. Komabe m'makope mwawo sanalembe, ndipo ndikuvomereza kuti apa muyeso sunali wolingana kwenikweni. Zinaonetsanso kuti funso la eya kapena ayi la pa fomu linkakankhira mwana aliyense ku bodza, chifukwa yankho loona la pafupifupi timu iliyonse linali "mbali ina tokha, mbali ina tatengera", ndipo malo oti alembe zimenezo panalibe.

Zomwe zinatsatira

Mphunzitsi wa timu yoyamba sanakhutire. Analembera komiti kalata yoti ana ake analangidwa kawiri, poberedwa nzeru komanso potsitsidwa pa nambala 1. Anachotsa mnyamata uja mu kalabu. Ndinapita kukalankhula nawo, ndinati, "Achimwene, mwana ameneyu ndi yekhayo mu timu yanu amene amadziwa PID, ndipo anafufuta dzinalo chifukwa choopa ife akuluakulu. Amene wamva kuwawa kwa nkhaniyi ndi amene angaphunzitse a Fomu 1 bwino." Anamubwezera teremu yotsatira, koma osati ngati mtsogoleri.

Ku sukulu ya timu yachiwiri, mphunzitsi wamkulu ankafuna kuimitsa mnyamata wa fulashi ngati wobera mayeso. Oweruza tinalemba kalata yofotokoza kuti chilango chaperekedwa kale ndipo nkhaniyo ithere ku kalabu. Sanaimitsidwe. Anzake a mu timu ndi amene anamukhalira pansi, ndipo ndinamva kuti zimenezo zinamupweteka kuposa zomwe ofesi ikanachita. Chaka chotsatira sanabwere.

Komiti inasintha malamulo. Funso la eya kapena ayi linachotsedwa. M'malo mwake kope lililonse limayamba ndi tsamba lotchedwa "Zomwe tatenga kwa ena", pomwe timu imalemba chinthu, komwe yachitenga, ndi zomwe yasintha, ndipo tsambali lili ndi mamalikisi ake. Zooneka ndi maso pa tsiku loyeserera n'zololedwa kujambula ndi kutengera, bola zilembedwe. Fayilo ya pulogalamu siloledwa kuchoka ku timu ina kupita ku ina mobisa. Timu yofuna kugawana iike fayiloyo pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi kuti onse aipeze. Mayeso a mphindi 40 aja tsopano ndi a matimu onse, osati okayikiridwa okha.

Lamulo lotsirizali lathandiza pa zinthu ziwiri zomwe sitinaziganizire. Choyamba ndi ChatGPT. Pa tsamba latsopanolo matimu angapo analemba kuti pulogalamu yawo inachokera kumeneko, ndipo pulogalamu yotere simungaipeze pofufuza mzere umodzi monga anachitira injiniya uja. Chomwe chimatsala n'kuzula sensa n'kuona ngati ana angaikonze. Chachiwiri, chomwe aphunzitsi sitikonda kuchitchula, ndi maloboti opangidwa ndi aphunzitsi. Loboti ina yooneka bwino kwambiri inaima pa thabwa mphindi 40 zonse, ana ake akuyang'ana kukhomo komwe mphunzitsi wawo anatulukira. Kwa ine vuto limenelo ndi lalikulu kuposa la ana otengerana dzanja, ndipo malamulo athu akale sakanaligwira.

Pa mpikisano wotsatirawo maloboti oposa theka anali ndi kamwa la V, ndipo ambiri analemba kuti anatengera kwa timu yoyamba. Timu ina inasintha ulusi n'kuika waya wa buleki ya njinga, womwe sutamuka, ndipo inatola botolo mofulumira kuposa eni nzeru aja.

Mtengo wake unalipo. Timu yoyamba inabwera pa tsiku loyeserera itachotsa dzanja lake latsopano, n'kungoyesa mateyala ndi masensa. Matimu ena awiri anachita chimodzimodzi. Palibe lamulo lomwe anaphwanya. Koma amene anataya ndi sukulu zopanda intaneti yodalirika, zomwe tsiku loyeserera ndi mwayi wawo waukulu woona momwe ena amathetsera mavuto. Ana a m'tauni ali ndi YouTube m'thumba. A CDSS ya kunja kwa tauni amadalira bandulo ya mphunzitsi.

Pano pa tebulo la komiti pali maganizo awiri. Ena akufuna kuti tsiku loyeserera timu iliyonse izikhala ndi ola lake payokha, ena ali panja. Ine ndi aphunzitsi ena tapereka ganizo loti tsikulo likhalebe la onse, loboti ibwere yathunthu, ndipo timu yomwe nzeru yake yalembedwa kwambiri pa masamba a "Zomwe tatenga kwa ena" a matimu ena izilandira mamalikisi owonjezera pa mphoto ya kapangidwe. Otsutsa akuti ana azigwirizana kulemberana maina kuti apezetsane mamalikisi, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka. Yankho lathu n'lakuti oweruza ayang'ane pa loboti ngati chinthucho chilipodi. Komiti idzavota pa msonkhano wa kumayambiriro kwa teremu ikubwerayi.